Chikhakha Chochekedwa ndi Sowo

Tsiku lomaliza limene mnyamata wina anawaona amoyo, bambo ake anali pakhonde, akucheka chikhakha cha kumwendo kwawo ndi sowo.

"Ababa, siyani!" anatero mnyamatayo. "Musacheke! Mtsempha wakuchidendene sapola ngati khungu. Maselo olukanso mtsemphawo ndi ochepa, magazi safikako ambiri. Panopa angoluka tiulusi tosalimba."

"Tamumvani dokotala wosamaliza koleji," anaseka bambowo, sowo ili m'manja. "Akapitawo akuti denga la eni silingadikire maselo akowo. Ndikapanda kupita mawa alemba wina."

Mawa lakelo mwendo unagonja ali pamwamba pa makwerero, ndipo anagwa n'kumwalira.

Lero kapitawo uja waima pabalaza, chipewa chili m'manja, akuuza amayi mofatsa kuti inali nthawi yawo, imfa sithawika.

Mnyamatayo wakhala pakona, atafungatira zibenthu ziwiri za chikhakha chija. M'kati mwake mudakali timaubweya ta mwendo wa bambo ake.

"Nthawi yawo?" Anadzuka, natulutsa kakhadi kakuchipatala m'thumba la malaya. "Nthawi yawo ili apa, bwana. Adokotala analemba tsiku lodzachotsa chikhakha, ndipo mpaka pano silinafike. Werengani."

"Mwanawe, pano ndi pamaliro..." anatero kapitawo.

"Werengani mokweza, amve amayi!"

Kapitawo anayang'ana kukhomo, koma panali patadzaza anthu. Analandira kakhadiko, nakayandikitsa kumaso.

"17 Novembala."