Mapazi a Towela

"Kutupa mapazi ni mapasa chabe, si matenda," anatero ba Maud, apongozi ake a Towela, akumudina phazi. Chala chinasiya kadzenje.

"Koma mutu uwawa, amayi, na m'maso muli monga nkhungu."

"Na ine ninatupa so pa mapasa anga. Kagoneni."

Towela sanagone. Poti nsapato zake zinali zitamukana, anavala mapatapata a mwamuna wake n'kukwakwaza mpaka kukiliniki ya ku Chawama. Nesi atangomuyeza BP, anaitana ambulansi.

Opaleshoni inachitika tsiku lomwelo, mwezi usanakwane. Dokotala anati akanagona, sakanadzukanso.

M'mawa mwake ba Maud anafika, nasuzumira tiana tiwiri m'kabokosi kagalasi.

"Mwaona?" anauza nesi. "Ninakamba ine. Mapasa."