Chiphaliwali Akungopuma

Ndemanga inalowa pa foni ndikutsuka kapu imene bambo amamwera mankhwala.

Pagulu lathu la pa intaneti aliyense amapeka katswiri wake wa masewera ogwetsana, n'kumalemba ndewu zake. Wanga ndi Chiphaliwali. Ndewu yake imene ndinatumiza kugululo inandidyera milungu itatu: kulumpha pa zingwe, kupotokola mkono, mpando wachitsulo pamsana.

Woweruza wa gululo analemba kuti: "Achimwene, zolumphalumphazi fufutani, aliyense amalemba zomwezo. Koma paja Chiphaliwali wagwa, refuli n'kumufunsa ngati wagonja, iye n'kuti, 'Ndikungopuma,' apo ndiye pali munthu. Tipatseni zambiri zotere."

Ndinawerenga kawiri, mutu wosagwira. Mawu amenewo sindinakumbuke n'komwe kuti ndinawalemba. Ndinawafufuza, ndipo analipodi, patsamba lachinayi. Ndiye milungu itatu ipite m'madzi chifukwa cha liwu limodzi?

Ndinayamba kuyankha: "Mukutanthauza kuti azigwa pafupipafupi, kapena..."

Kuchipinda kunamveka kuti khu! Kenako ndodo kugubuduzika pa simenti.

Ndinautumiza uthengawo usanathe, n'kuthamanga. Bambo anali pansi, pakati pa bedi ndi khoma, silipasi imodzi itavuka, mwendo wawo wofooka ndi matenda utapindikira kumbuyo.

Ndinatambasula dzanja. Analiyang'ana ngati lawatukwana.

"Chotsa," anatero bambo. "Ndikungopuma."

Ndinaima pomwepo, dzanja lina lili m'malere, lina litagwira foni. Foniyo inanjenjemeranso. Anali woweruza uja.

"Eya, achimwene, azigwa. Koma musamamudzutse msanga."