Mlendo wa ku Makuze

Sabata yachitatu inali itakwana a Ellina akugona pansi, pambali pa bedi la amuna awo, m'chipatala cha mishoni ku Nguludi. A Mikaele anagwa pa kabaza ku Njuli n'kuthyoka ntchafu, ndipo mwendo wawo unali wokokedwa ndi chingwe chimene anamangirirako chitsulo cholemera. Kutembenuka sankatha, kukhala tsonga nakonso ayi. A Ellina nawo analibe kolowera. Kuwasambitsa ndi iwo, kuwadyetsa ndi iwo, kukataya za m'beseni ndi iwo omwe. Ku Ndunde nyemba zawo zinali kuthetheka m'munda popanda wokolola.

Chimene sichinathyoke mwa a Mikaele chinali pakamwa. Wodi yonse ya amuna inali itadziwa kale kuti iwo anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri ku Makuze, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Mozambique. Anapitako atangokwatira kumene, kukafufuza abale a agogo awo amene anatsala m'dzikolo pamene ena ankasamukira kuno. Ankasimba za minda ya kokonati yosaoneka polekezera, za madzi amene amathawa m'mawa n'kubwereranso masana, za mchere wochita kupala ndi khasu. A Ellina nkhanizi anali atazimva kwa zaka makumi anayi. Ndi zokhazo zimene amuna awo anabwera nazo atawasiya ndi khanda kumsana, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kuzinyadira ngati anapitako okha.

Lachinayi masana, nthawi yoona odwala, m'wodimo munalowa mayi wina wa zaka ngati makumi anayi, mpango wobiriwira kumutu, kope m'manja. Anati dzina lake ndi Rabia, mphunzitsi wa ku Makuze. Chinyanja chake chinali chopindikapindika, chophunzirira kumalire, ku Milanje. Anafotokoza kuti akulemba mbiri ya mudzi wawo kuti ana asukulu aziwerenga, poti akuluakulu ambiri anatha ndi nkhondo, ndipo nyanja yayamba kukokolola ngakhale manda. Anamva kuti ku Chiradzulu kuli munthu amene anagwirako ntchito ya mchere masiku amenewo. Atafika ku Ndunde, anthu anamulozera kuchipatala.

A Ellina anamupukutira mpando ndi nsonga ya chitenje, nkhope ili mwee. Odwala a m'mabedi oyandikana anadzutsa mitu kuti amve bwino.

"Munkakhala mbali iti, bambo?" anafunsa Rabia. "Kufupi ndi tchalitchi chakale, kapena kudoko la ngalawa?"

A Mikaele anayang'ana kudenga. "Ndaiwala."

"Nanga kapitawo wa kumchere anali ndani?"

"Sindikudziwa."

A Ellina anawagwedeza paphewa. "Inu abambo a Davie, si uja munkati anali ndi diso limodzi?"

Rabia anafunsa dzina la mtsinje umene umathira m'nyanja pamudzipo. A Mikaele anatchula lina, mayiyo n'kunena mofatsa kuti mtsinje wotero kulibe. Anawapempha kuti apereke moni m'chilankhulo cha kumeneko. A Mikaele anangogwira chitsulo cha kumutu kwa bedi n'kudzikoka ngati afuna kuthawira kukhoma, koma chingwe cha kumwendo chinawabweza pomwepo.

A Simoni, odwala shuga a pabedi lotsatira, amene anamvetsera nkhani za nyanja kwa masabata atatu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, nyanja yanu ija yaphwa lero?"

Wodi yonse inafa nacho chiseko.

"Ine ku Makuze sindinafikeko," anatero a Mikaele, mawu ali pansi. "Ndinathera ku Milanje, ndinkatchola tiyi. Za nyanjazo ndinkangomva kwa anthu. Basi, ndisiyeni."

Nkhani zimenezi a Ellina anazisimbira amayi anzawo a kutchalitchi. Anazisimbira zidzukulu. Zaka zisanu ndi ziwiri analima okha, kukana amuna awiri amene anawafunsira, akudziuza kuti mwamuna wawo watsekeredwa ndi nkhondo kutali. Chonsecho munthuyo anali pamtunda wa tsiku limodzi, akutchola tiyi! Anafuna kunyamula kachikwama kawo n'kuuyamba wapansi mpaka ku Ndunde. Koma akachoka, adzawatembenuze ndani? Adzawamwetse phala ndani? Anakhalabe pomwepo, maso a wodi yonse ali pa iwo, manyazi akuwatentha m'makutu.

Pomaliza anagwada pafupi ndi mlendoyo, monga achitira munthu amene pakhomo pake palakwika.

"Pepani, mayi. Mwayenda ulendo wonsewu chifukwa cha bodza. Ine sindinkadziwa. Tikhululukireni."

Rabia anatseka kope lake. Sanaonetse kukwiya. Anaimirira n'kuwayang'ana a Mikaele nthawi yaitali, iwo atatembenuzira nkhope kukhoma. Kenako anawerama n'kuwadzutsa a Ellina powagwira manja onse awiri.

"Musapepese, amayi. Zonse zimene akhala akukuuzani za kwathu n'zoona. Bodza anena lero," anatero motsitsa mawu. "Amayi anga asanamwalire mwezi wathawu anandichenjeza kuti bambo anga akadzandiona adzakana. Ine ndimangofuna ndione nkhope yawo."