Galimoto ya Nkhata ya Maluwa

"Si iyi?" anafunsa Renuka, akuloza galimoto ina yoyera.

"Ayi! Yathu ili ndi nkhata ya maluwa achikasu," anayankha mwamuna wake Basavaraj, thukuta lili kamukamu.

"Tatsegulani maso, bambo a Keerthi. Ilibe maluwa ndi iti?"

Ola lathunthu linali litatha akuzungulira poimika magalimoto pa paki yamasewera kunja kwa mzinda wa Bengaluru. M'mawa mlonda anawauza kuti alembe nambala ya mzere, koma Basavaraj anangoseka. Galimoto yatsopano, yodalitsidwa kukachisi n'kuvekedwa maluwa, angaisowe bwanji? Anaiwala kuti linali tsiku lodalitsa zida zantchito, pamene ngakhale wanjinga amaveka yake maluwa. Nambala ya galimotoyo anali asanailoweze.

"Mankhwala anga a shuga ali m'menemo," anatero apongozi ake, mayi a Renuka, kumukumbutsa kachitatu. "Mkamwini wa madigiri awiri ameneyu!"

"Pezani mthunzi mukhale, mayi, ndiipeza pompano."

Mwadzidzidzi mwana wawo Keerthi anakuwa, "Ababa, taonani ng'ombe iyo!"

Ng'ombe yamawanga inali chiimire pafupi ndi galimoto imodzi yokha yopanda maluwa, imene anailambalala kanayi konse. Inkatafuna mosatekeseka, ulusi wa nkhata ukulendewera kukamwa. Basavaraj atasuzumira pazenera, anaona chikwama cha apongozi pampando.

Apongoziwo anaigwira ng'ombeyo pachipumi mwaulemu, kenaka anadzigwira m'maso, monga mwa mwambo wawo wolemekeza ng'ombe ngati mayi.

"Udalitsike, mayi," anatero. "Pabanja lonseli, waidziwa galimoto yathu ndiwe wekha."