Duwa la m'phiri pa sitetasi ya Anesi

Duwa langa lafa. Lija la masamba otuwa aubweya, limene Kingstone, bebi wanga, ananditsitsira m'phiri atakasenza zikwama za alendo. Ndimalithirira m'mawa ndi madzulo, madzi ochita kulimbirana pa mjigo, koma mizu yaola.

Kutsegula foni, sitetasi ya Anesi wa kukwaya kwathu: duwa lomwelo, m'chitini cha mkaka, lachita maluwa achikasu, dzuwa lonseli.

Ndamulembera, "Eee mwali, lakongolatu. Umalithirira kangati?"

"Sindithirira ine. Ndi la pamwala limeneli, madzi akachuluka limaola. King sanakuuze?"

King? Siliyasi? Ineyo mwiniwake ndimamutchula dzina lonse.

Ndayankha kuti, "Anandiuza," kenako ndakataya chitini cha duwa langa kuseri kwa khitchini.