Zikhomo pa Malo a Nuru

Ndinazula chikhomo choyamba amisiri akuona, n'kuchiponya pamapazi pa Swadick, mwana wanga.

"Amama, mukundichititsa manyazi," anatero. "Kampani yakula. Masukulu ndi zipatala mpaka ku Chiponde akutisungitsa zam'makompyuta awo, kuti makina akapsa zisatayike. Kachipinda ka lendi kaja kachepa."

"Kachepa, ndiye waona pano?"

Chingwe chawo chinali chitadutsa pakati pa mathandala anga a usipa mpaka pamtengo wa mango. Malowa anandisiyira amayi anga, ndipo ine ndidzasiyira Nuru, mlongo wake wa Swadick. Mwamuna amakamanga kwa mkazi wake, zimenezo aliyense kuno amazidziwa.

"Nuru akadali pasukulu, amama. Ndidzamugulira pena."

"Ine za mawa sindigula."

Lole ya njerwa inali ikulira pageti. Dalaivala anasuzumira pawindo. "Titsitse, bwana?"

"Bwana wake uti? Zimitsa injiniyo!"

Ndinakhala pansi pomwe ankafuna kukumbapo, n'kutambasula miyendo.

"Swadick, kalembetse dzina la Nuru pakampanipo, theka lako theka lake. Ngati sukufuna, maziko akowo ukumbe mondizungulira."