Mapu a Jealous ndi mbatata za apongozi

Panali munthu wina pa famu ya fodya kufupi ndi Trelawney, dzina lake Jealous. Anali kalaliki wa mu ofesi, ndipo ntchito yake inali kusunga mapu a famuyo mu kompyuta: minda, misewu, mijigo, ndi timinda ta antchito ta m'mphepete. Mutu unalipo, osanama. Vuto linali loti sankauzika.

Jealous anali pa ubwenzi ndi Everjoy, mwana wa mai Ester a ku komboni, amene makolo awo anachokera ku Tete. Maiwo sankamukhulupirira kwenikweni. Ankati munthu wa manja osalala sangadyetse mwana wawo. Komabe anavomera kuti ankhoswe akumane Loweruka lina mu Epulo.

Miyezi ingapo tsikulo lisanafike, famu inagula matabuleti. Ina inali ya mai Plaxedes, kapitawo woyendera minda, ina ya pa thirakitala. Iliyonse inali ndi mapu akeake. Kunabwera katswiri wa ku Harare, Janeth, kudzalumikiza zonsezi ndi kompyuta.

"Njira zilipo ziwiri, musankhe," anatero Janeth. "Yoyamba, ofesi yokha ndiyo imatumiza. Tabuleti ikangofika pano, mapu ake amafufutika, kulowa a mu ofesi. Yachiwiri, mbali zonse zimatumizirana zimene zasintha. Zikatsutsana, inu mumakhala pansi n'kuona zoona ndi ziti."

"Yosavuta ndi iti?" anafunsa Jealous.

"Yoyamba. Koma imayenera pamene akumunda amangowerenga. Kuno mai Plaxedes amalemba zatsopano ali kumunda. Tengani yachiwiri."

Jealous anaseka. "Sisi, ine ndizikhala ndikuweruza milandu ya matabuleti? Mutu ndi ofesi. Ikani yoyamba."

Janeth anamuchenjeza kachiwiri, kenako anachita zimene anauzidwa n'kukakwera kombi yake.

Nthawi ya dzinja kamunda ka mai Ester kanalowa madzi. Manijala anawalola kulima kumapeto kwa munda nambala seveni, ndipo anabzalako mbatata. Mai Plaxedes anazungulira malire ake n'kuwalemba mu tabuleti. Lolemba atafika ku ofesi, kamundako kanasowa pa mapu. Analembanso, kanasowanso.

"Achimwene, zimene ndikulemba kumunda zikufufutika ndikafika kuno," anadandaula.

"Ndi zala zanu izo, mai. Kompyuta sinama," anayankha Jealous, maso ali pa foni.

Sanafunse n'komwe kuti chikufufutikacho n'chiyani. Kumunda nako sankapondako, poopa kuda nsapato. Paja safunsa anadya phula.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti ankhoswe akumane, thirakitala inayamba kugaula munda nambala seveni. Woyendetsa anali Lazalo, wobwera kumene kuchokera ku Mutorashanga, wosadziwa munda wa munthu aliyense. Atafika kumapeto anaima n'kuimba foni.

"Mudhara Jealous, pano pali mbambaira, mbatatatu. Kodi ndipitirire?"

"Mapu akuti chiyani?"

"Akuti ndi munda wa fodya mpaka ku waya."

"Ndiye ukundifunsiranji? Tsatira mapu, osati maso ako. Gaula!"

Lazalo anagaula. Mbatata zinali zisanakhwime, zazing'ono ngati zala, ndipo zinangoti mbwee munda wonse.

Masana Everjoy analowa mu ofesi osagogoda, naika kambatata kamodzi pa kompyuta.

"Ukukadziwa aka?"

"Ndi kambatata."

"Ndi ka amai. Munda wonse wapita. Lazalo akuti walamula ndiwe."

Jealous anatsegula mapu kuti adziteteze, koma mapuwo anamuonetsa zimene iye mwini anaikamo chaka chatha. Kunena zoona, anachita mantha, ndipo mantha ake sanali a manijala ayi.

Madzulo anapita ku komboni ndi amalume ake, a Petro. Ananjuta patali monga achitira mkamwini, maso pansi, akuomba m'manja. Komboni yonse inatuluka kudzaonerera.

"Apongozi, mwanayu walakwa," anayamba a Petro. "Akuti makina ndi amene..."

"Makina ali ndi pakamwa?" anadula mai Ester. "Amene anati gaula ndi makina? Plaxedes anamuuza. Wa thirakitala anamuuza. Iye akumva za bokosi lake lokha. Mawa mwana wanga akadzati mutu ukundiwawa, adzayamba waona pa mapu?"

Anthu anafa nacho chikhakhali.

Ndiye mai Ester anagamula. Za Loweruka zaima. Mukwasha, ndiye kuti mkamwiniyo, atenge khasu, aunde mizere kudimba la kudamu, abzale mbatata, azithirira yekha ndi ndowa. Ankhoswe adzakumana tsiku limene mbatatazo zidzalowe mumphika.

M'mawa mwake Jealous anaimbira Janeth, mawu ali ofewa ngati a mwana wa kwaya. "Sisi, ija yachiwiri ija, ingathekebe?" Inatheka. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse amakhala pansi ndi mai Plaxedes kuona pamene mapu atsutsana, ndipo akakayika amavala magambutsi n'kukaona yekha.

Jealous anathirira mbatata miyezi isanu, manja mpaka matuza. Tsiku la ankhoswe litakwana, mai Ester anatumiza mbale ya mbatata zophika kwa mkamwini, iwo ataima pakhomo. Jealous atangoti atenge imodzi, anamva mawu:

"Dikirani, mukwasha. Mwaona kaye ngati pa mapu ilipo?"

Phunziro: Musanasankhe njira yolumikizira mapu kapena zolemba zilizonse, funsani kaye kuti amene amasintha zinthu ndi ndani. Ngati akumunda nawonso amalemba, ofesi isamalankhule yokha. Ndipo munthu amene waima pamalopo akakuuzani kuti pali mbatata, mumvereni. Tumizirani anzanu onse a m'maofesi, makamaka amene sanakwatire.